Kutulutsa mbewu ya bison, matenda n'kuwasiya

Pakati pa 1925 ndi 1928 boma la Canada linasamutsa bison (njati za ku North America) zoposa 6,000 kuchoka ku Wainwright kupita ku Wood Buffalo National Park. Njati zimenezi zinafika ndi TB ya ng'ombe komanso brucellosis, matenda otayitsa bere, n'kupatsira wood bison, mtundu wina wa bison umene unkakhala kumeneko. Mpaka lero, kusamutsa nyama yamoyo ya m'gulu lodwalalo kukhoza kusamutsanso matenda. Njira imodzi yopewera zimenezi n'kutengako dzira ndi umuna basi.

Yaikazi imabayidwa homoni yotchedwa FSH kuti mazira ambiri akule nthawi imodzi, kenako singano yotsogoleredwa ndi ultrasound imadzera kumaliseche n'kukayamwa mazirawo m'thumba lake. Ukamawerenga zimaoneka ngati za ng'ombe, koma bison si chiweto. Kuilowetsa kawirikawiri m'khola lothina lachitsulo kumaipanikiza, ikhoza kudzivulaza, n'chifukwa chake ofufuza amasakaniza FSH ndi mankhwala otchedwa hyaluronan kuti azilowa m'thupi pang'onopang'ono, majakisoni achepe. Nyamayi ilinso ndi nyengo yake yokwerana, kuyambira July mpaka September.

Mu labotale mazira amakhwima maola pafupifupi 24 pa 38.5°C, mu mpweya wa 5% CO2. Akazizidwa m'njira, ulusi wogawa makromozomu umasokonezeka, dzira n'kumaonekabe labwino pamaso koma osapita patali. Akakhwima, mazirawo amakhala ndi umuna maola pafupifupi 18, ndipo pa tsiku la 7 kapena la 8 omwe apirira amafika pa blastocyst, msinkhu umene mluza ungaikidwe m'chiberekero. Ambiri amathera m'njira.

Pofunika kukhazikikapo mtima ndi potsuka. Mluza uli ndi chikhungwa chotchedwa zona pellucida, ndipo majeremusi amakakamira kunja kwake. Malamulo a IETS, bungwe la padziko lonse loona za miluza ya nyama, amati mluza udutse m'madontho 10 otsukira, dontho lililonse lisungunule zotsalira za dontho lam'mbuyo ka 100, ndipo pakusuntha kulikonse pakhale pipette (kachubu konyamulira mluza) yatsopano. Miluza isapose 10 pa gulu, yonse ya mayi mmodzi. Wosweka chikhungwa amautaya, ngakhale ukhale wokongola bwanji. Mankhwala otsukira otchedwa trypsin amathandiza makamaka pa mavairasi; Brucella, amene amayambitsa brucellosis, ndi bakiteriya, ndiye m'madzimo mumafunikanso maantibayotiki. Apa ambiri amapupuluma: malamulowa anayesedwa kwambiri pa miluza yokulira m'chiberekero, pomwe chikhungwa cha mluza wa mu labotale chimagwira majeremusi molimba. Kutsuka kokha sikokwanira, mayi wolandira ndi mwana yemwe ayenera kuyezedwa.

Mluza woyera amauika mwa bison yaikazi yopanda matenda imene nthawi yake aigwirizanitsa ndi msinkhu wa mluzawo pogwiritsa ntchito homoni ya progesterone, kapena amauumitsa mu nayitrojeni pa -196°C. Mu 2016 gulu la Gregg Adams ku University of Saskatchewan linapeza ana anayi a wood bison, atatu mwa iwo a mu labotale, wachinayi wochokera ku mluza umene unaumitsidwa mu 2012. Ku Colorado State University, Jennifer Barfield amagwira ntchito yofananayo ndi bison za magazi a ku Yellowstone, paki ya ku America kumene brucellosis inakhazikikanso.