Mmene ndinadzisokerera pa mphasa kwa apongozi

Ine ndinakulira ku Kawale, mu Lilongwe. Ndayamba ndi mfundo imeneyi kuti muzindimverako chisoni nkhaniyi ikamapita. Kwathu mphasa tinkagula kwa anthu a njinga odutsa mumsewu akukuwa, ndipo ndili mwana ndinkayesa kuti imamera choncho, yokulungidwa kale, chingwe chili m'chiuno.

Akazi anga kwawo ndi ku Salima, mudzi wina cha kufupi ndi mtsinje wa Linthipe. Chaka chachiwiri cha banja lathu ndinatenga tchuthi mu Ogasiti, tinakwera minibasi kukacheza kwa makolo. Apongozi anga aamuna ndi mmisiri wa mphasa, ayamba kusoka nthawi ya Kamuzu, ndipo zikhatho zawo mukazigwira mumakhala ngati mwapereka moni kwa khungwa la mtengo. Madzulo ena tikumwa thobwa pakhonde, iwo anangoti:

"Kale mkamwini ankayesedwa pa zinthu zitatu: khasu, nkhokwe ndi mphasa. Akamwini a masiku ano ntchito n'kukanda foni basi."

Sanayang'ane ine ayi. Ankayang'ana nkhuku imene inkatola madeya pabwalo. Koma nkhukuyo inalibe foni.

Munthu wanzeru akanaseka pang'ono, n'kuomba m'manja, nkhani n'kutha. Ine pakamwa panga pamayenda patsogolo, mutu n'kumabwera pambuyo wapansi. Ndinangomva ndikunena kuti, "Aaa bambo, mphasa ndi nkhani? Tinkasoka tili ana imeneyo."

Akazi anga anatsamwa ndi thobwa. Alamu anga, mnyamata wotsatana ndi akazi angawo, anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhokweyo ndinaiona ikugwedezeka. Apongozi anangogwedeza mutu n'kuti, "Zakoma. Mutisokere imodzi yoyanikapo ufa musanabwerere."

Usiku akazi anga anandinong'oneza: "Inu, mphasa munasokera kuti? Batani la shati lenilenilo limakukanikani."

"Gonani, pali YouTube."

Kumudziko netiweki imagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha. M'mamawa ndinakwerapo ngati ndikukatchera ngumbi nyengo isanakwane. Zimene ndinapeza n'zodabwitsa ndithu: amayi a kumapiri a ku Morocco atakhala kutsogolo kwa chimtanda choimirira, akumanga mfundo za ubweya wa nkhosa imodziimodzi, amisiri a ku Iran akumenyerera ulusi ndi chipeso chachitsulo, kapeti imodzi kutha miyezi. Zokongola, inde. Koma bango panalibe, khonje panalibe, apongozi panalibe. Bandulo inatha mayi wa ku Morocco uja ali pa mzere wachitatu.

Tsiku lomwelo alamu ananditengera kudambo kukadula bango. Ine ndinalowa ndi chikwanje n'kuyamba kugwetsa lobiriwira, looneka lonenepa bwino.

"Alamu, limenelo mukufuna mukaphike ndiwo?"

Bango la mphasa, anandiuza akuseka, ndi lokhwima, loongoka, limene layamba kuchita chikasu. Lanthete likauma limafota n'kukwinyika, mphasa yake imangokhala mipata. N'chifukwa chake amadula m'chilimwe, madzi ataphwera. Zimene sanandiuze n'zoti masamba a bango amabaya ngati ali ndi mlandu nawe, komanso kuti zitsa zimene anzako anadula dzulo zimakhala zikudikira phazi la munthu wa m'tauni wovala masilipasi. Pakati pa ntchito anangoti, "Muziyang'anako m'madzimo, ng'ona za kuno zimakonda anthu odzola perefyumu." Mtolo wanga ndinamanga mwachangu kuposa wina aliyense m'mbiri ya mudziwo.

Tinasadzula masamba, tinaliyanika padzuwa masiku angapo. Kenaka kung'amba. Umatenga mpeni, n'kulowetsa kutsinde, n'kutsetsereka nalo mpaka kunsonga, kuti bango lobulungira lija lisanduke timizere tafulati. Apongozi akamang'amba limamveka ngati munthu akung'amba nsalu kwa telala, tsweee, kamodzi. Langa linkapatukira m'mbali ngati minibasi yaona wokwera. Ndipo m'mphepete mwa bango long'ambidwa ndi lezala weniweni. Pofika madzulo zala zinayi zinali zokulungidwa ndi tinsanza, ndipo ndinauza akazi anga kuti amisiri onse amatero.

Nkhani ya chingwe ndiyo ndimaikumbuka ndikamasamba. Alamu, mwa chifundo, anandibweretsera linya, ulusi uja amasolola m'matayala akutha. Ambiri masiku ano amasokera umenewo kapena wa m'matumba a feteleza, ndipo umalimba ndithu. Koma apongozi anali pafupi, ndipo anangoti, "Ife tinkapota tokha khonje." Basi. Ndinabweza linya uja ndi dzanja lonyada.

Khonje umadula tsamba lake, n'kulipala mpaka nyama yobiriwira ichoke kutsale ulusi woyera, n'kuuyanika. Madzi ake amayabwa ngati chitedze chaching'ono, koma zimenezo n'zopiririka. Chovuta ndi kupota. Umapinda buluku, n'kuika tizingwe tiwiri pantchafu, n'kutikunkhuniza ndi chikhatho kupita kutsogolo, tikabwerera timapotana tokha. Ntchafu za apongozi zinasalala kalekale ngati mtondo wakale. Zanga zili ndi ubweya. Kapena ndinene kuti zinali ndi ubweya. Kukunkhuniza koyamba ndinaona nyenyezi masana, koma apongozi anali apo akusema mpini, ndiye kulira kwanga ndinakusandutsa nyimbo ya kwaya. Chingwe chinatuluka chamawangamawanga, choyera ndi chakuda. Anthu a ku Morocco aja amaluka ndi ubweya wa nkhosa. Ine ndinaika wangawanga.

Tsiku losoka linafika. Apongozi anali ndi ulendo wa ku maliro mudzi woyandikana nawo. Anandipatsa singano yawo, chitsulo chachitali chophwatalala, chosalala chifukwa cha zaka, n'kundiuza kuti ndiwaze madzi pa bango lisanayambe kusokedwa kuti lifewe, lisamasweke. Atafika pa mpanda anacheuka.

"Mukumbukire kutembenuza."

"Inde bambo."

Kutembenuza chiyani? Kufunsa kukanaulula kuti ubwana wanga wosoka mphasa uja unali wa m'maloto. Ndinaganiza, ndinaganiza, kenaka ndinatembenuka ineyo, kufulatira dzuwa. Ndinaona kuti malangizowo ndi anzeru kwambiri, chifukwa m'maso munasiya kuthobwa.

Tsono kasokedwe ka mphasa ndi aka, kwa anzanga a ku Kawale. Umayala timizere ta bango tija pansi motsatana. Singano imaboola kamzere kalikonse cham'mbali, n'kudutsa m'kati mwake, kupita ku kotsatira, timizere tingapo nthawi imodzi, kenaka n'kukoka chingwe n'kukankhira timizereto pamodzi kuti tigwirane. Ukatha mzere umodzi wa chingwe, umasuntha pafupifupi chikhatho chimodzi n'kuyambanso wina, mpaka mphasa yonse. Chingwe chimabisala m'kati, n'chifukwa chake mukagona pa mphasa yabwino simumachimva. Pomaliza n'kudula m'mbali ndi mpeni kuti mufanane.

Ola loyamba bango linkangosweka. Ola lachiwiri dzanja linayamba kumva. Pofika cha m'ma 10 koloko ndinali nditayamba kuimba mluzu, ndipo ana a m'mudzi anali atakhala mozungulira ngati pali kanema. Ndinaona kuti mphasa ikukhotera kumanzere. Ndinati ndi bwalo, silinasalazidwe bwino. Ndinapitiriza. Inakhotabe. Kamtsikana kena kanati, "Ankolo, mukusoka lichero?" Ndinakauza kuti kumeneko ndi kasokedwe ka ku Lilongwe.

Chimene apongozi ankanena, ndinadzachimva mochedwa, n'chakuti bango ndi lonenepa kutsinde, lowonda kunsonga. Posanja umatembenuza: ili tsinde kumanja, lotsatira tsinde kumanzere, kuti kunenepa ndi kuwonda kulipirane, mphasa ituluke ya ngodya zinayi. Ine matsinde onse ndinawaika mbali imodzi, mwaudongo, ngati mapensulo m'bokosi. Mbali ina inkangotambasuka, ina n'kumafinyana.

Kuti isamayendeyende, ndinakhalira mbali yofinyanayo, monga ndinaonera apongozi akukhalira mphasa yawo posoka. Ndinali nditavala buluku la khaki lotaya, la kutchalitchi, poti lina lija linali litang'ambika kudambo. Mizere yotsala inali yodutsa pansi panga penipeni, ndiye ndinkanyamuka pang'ono, n'kupisa singano cham'munsi osaona, n'kuilandira mbali inayo. Kangapo ndinamva kukoka kumbuyo. Sindinadabwe. Aliyense amene anagonapo pa mphasa amadziwa kuti imatsina. Ndinakoka chingwe mwamphamvu, mizere itatu, n'kumanga mfundo zolimba zoti apongozi akaone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna.

Nthawi imeneyo akazi anga anali ku chigayo. Ndiye amene anatuluka m'khitchini ndi mbale ya mbatata yootcha anali apongozi aakazi.

Achinyamata ena mwina simudziwa. Kumudzi mkamwini ndi apongozi aakazi sayandikana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, mukamalankhulana mumakhala patali, maso pansi, mawu odutsira mwa mwana. Zaka ziwiri ndinali nditasunga mwambo umenewu osaphonya. Mayiwo anaima chapatali, n'kugwada, n'kuuza kamtsikana ka lichero kaja kuti, "Uwauze bambowo alawe kambatata." Ulemu unafuna kuti ndichoke pamene ndinakhala motambalala miyendo paja, ndisunthire pambali, ndinjute, ndiombe m'manja.

Ndinadzuka.

Mphasa inadzuka nane.

Inaimirira kumbuyo kwanga yonse, yotambasuka kumwamba, yofinyana pamene inalumikizana ndi buluku, ndendende mchira wa nkhukundembo ikamafunsira. Ndinatembenuka kuti ndione chandigwira n'chiyani, mchira uja unazungulira n'kusesa mbale ya madzi owazira bango. Ndinatembenukira kwina, unakokolola ana awiri. Nkhuku zinabalalika. Galu wa pakhomo, amene ndinkamupatsa mafupa sabata yonse, anandiuwa ngati sanandionepo.

Apongozi aakazi anayesetsa. Ndiwachitire umboni pamenepa, anayesetsa. Anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa okha ndi amene ankavina. Kenaka anati, mawu akunjenjemera, kudzera mwa mwana yemwe uja ngakhale anali ali gone pansi ndi phwete: "Uwafunse bambowo ngati akufuna thandizo."

"Uwauze mayi kuti zonse zili bwino," ndinayankha ine, n'kunjuta monga mwa mwambo. Ponjutapo mchira unaweramira kutsogolo n'kundivindikira kumutu.

Apa nzeru imene inabwera inali yothawira m'nyumba. Ndinathamanga, bango likuchita phwaphwaphwa pambuyo. Thupi linalowa pakhomo bwinobwino. Mchira unakana. Mbali yotambasuka ija inali yaikulu kuposa chitseko, ndiye inapingasa pa mafelemu, ine m'kati, mphasa kunja, buluku pakati likumva zowawa. Kupita kutsogolo kosatheka, kubwerera m'mbuyo ndiye kukumana ndi mudzi wonse, pakuti amayi a pa mjigo anali atasiya zidebe.

Ndinakhala choncho, nditawerama ngati ng'ombe ya pangolo, mpaka ndinamva kutsokomola kumene ndinkakudziwa. Apongozi aamuna anali atabwera ku maliro.

Sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka. Ndinkangomva zala zawo zikuyenda pa mphasa kumbuyo kwanga, mzere ndi mzere, ngati sing'anga akupima wodwala. Alamu anafika ndi mpeni, akupukuta misozi.

"Bambo, ndidule chingwe?"

Kunakhala chete.

"Ayi. Chingwe ichi chapotedwa bwino. Mfundonso zagwira. Dula buluku."

M'masiku onse amene ndakhala mkamwini pakhomo paja, mawu ondiyamikira ochokera kwa bambo amenewa ndi omwewo. Ndinawalandira nditafulatira, alamu akucheka khaki wanga wa kutchalitchi mozungulira, mosamala ngati akusenda papaya. Akazi anga anafika kuchokera ku chigayo nthawi yabwino yondiponyera chitenje. Sananene kanthu. Anangofunsa ngati YouTube ija inafotokozaponso za kasokedwe ka zigamba.

Madzulo ake apongozi anandikhazika pansi, natenga timizere tiwiri ta bango, kamodzi tsinde uku, kena tsinde uko, n'kutigundanitsa. Tinagwirana bwinobwino popanda mpata. "Kutembenuza," anatero. Kenaka anaonjeza, akuyang'ana nkhuku ija, "Ku Kawale bango lake liyenera kuti ndi lofanana mbali zonse."

Mphasayo anakana kuiphwasula. Ufa sikwanapo, koma amayanikapo tsabola ndi therere, ndipo chigamba cha khaki chikadali pomwepo, chosokedwa mizere itatu, thumba lakumbuyo ndi batani lake zili zonse. Apongozi aakazi amasungamo machesi. Ana a m'mudzimo, ena oti nthawi imeneyo anali asanabadwe, ndikangotsika minibasi amathamanga akukuwa kuti a Nkhukundembo abwera.

Sabata yatha alamu anaimba foni. Akuti bambo akupereka moni, bango lakhwima kudambo, ndipo akufunsa ngati chaka chino ndibwere ndi buluku lina poti pakhomo pakusowa poika mchere.