Kuthokoza kwanga pamene ndachoka ku banki kupita kotsogolera mainjiniya

Lolemba lapitali ndinayamba ntchito yotsogolera gulu la mainjiniya opanga mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaikulu ya zaukadaulo kuno ku London, nditagwira ntchito ya zachuma kwa zaka zoposa 12. Ndaona kuti sichingakhale chaulemu kungosintha dzina la udindo pa LinkedIn n'kulandira mauthenga a mafuno abwino ngati kuti ndinafika pano ndekha, choncho ndilembe mawu ochepa othokoza anthu amene anandisenza pamene miyendo inali italema.

Amene tinaphunzira limodzi za akaunti ku Polytechnic, imene lero ikutchedwa MUBAS, akudziwa kuti njira yathu inali yodziwikiratu: kumaliza digiri, kulimbana ndi mayeso a ACCA, a ukatswiri wowerengera ndalama, mpaka atatha, kenako kukhala pa mpando wowerengera ndalama kufikira tsiku lopuma pantchito. Inenso ndinayenda momwemo mpaka ndinakapezeka pa banki ina ku Canary Wharf, dera la mabanki kuno ku London. Chimene chinandipatutsa ndi lamulo la ku Ulaya lotchedwa MiFID II, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 3 Januwale 2018 ndipo linkafuna kuti malonda a masheya ndi zina zotere azikanenedwa kwa oyang'anira msika lisanathe tsiku lantchito lotsatira, lipoti lililonse likhale ndi magawo okwana 65. Ntchito yoteroyo Excel sakanaikwanitsa, choncho ndinaikidwa pakati pa anthu a malamulo ndi olemba mapulogalamu kuti ndizimasulira zonena za mbali imodzi kwa inzake.

Woyamba kumuthokoza ndi injiniya wina wa ku Poland amene ndinkakhala naye desiki yoyandikana. Iye atatopa ndi mafunso anga, anaganiza zondiphunzitsa SQL ndi Python, zilankhulo zolembera malangizo a kompyuta, pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo kwa pafupifupi chaka chathunthu ankawerenga zimene ndalemba n'kuzibweza zitadzaza ndi ndemanga, osandinyengerera ngakhale pang'ono. Ndikuthokozanso abwana anga a nthawi imeneyo, mayi amene anandipatsa gulu la mainjiniya asanu kuti ndilitsogolere ngakhale kuti ena ankanong'ona kuti munthu wa maakaunti alibe chonena kwa anthu a makina.

Pamene ndinaona kuti ndakhwima moti n'kukagogoda ku makampani akuluakulu a zaukadaulo, ndinasankha nyengo yoipa kwambiri. Mu Novembala 2022 Meta, kampani ya Facebook, inachotsa antchito pafupifupi 11,000, ndipo mu Januwale 2023 Amazon inalengeza zochotsa oposa 18,000, Microsoft 10,000, Google pafupifupi 12,000. Mainjiniya odziwa ntchito amene anali atatsogolera kale magulu m'makampani omwewo anadzaza msika, ndipo makalata anga ambiri sanayankhidwe n'komwe.

Zitseko zitayambanso kutseguka ndinalephera kawiri, ndipo maulendo onse awiri ndinagwera pamalo amodzi, pa gawo la intavyu lotchedwa system design. Pa gawoli amakupatsa mphindi zosakwana ola limodzi kuti ufotokoze mmene ungamangire chinthu chonga pulogalamu yotumizirana mauthenga yoti anthu mamiliyoni aigwiritse ntchito nthawi imodzi, ndipo amafuna kumva kumene deta idzasungidwe, chimene chidzachitike seva (kompyuta yaikulu yoyendetsa pulogalamuyo) imodzi ikazima, ndi chimene wavomera kutaya kuti upeze liwiro. Ine ndinkayankha ngati wowerengera ndalama, kuyamba ndi funso la amene adzavomereze ndi amene adzafufuze, nthawi n'kutha ndisanajambule chilichonse chooneka. Kubanki kusintha kulikonse kwa pulogalamu kunkadikira komiti ndi masiginecha, pamene kuno zosintha zimatumizidwa kangapo pa tsiku, chikalakwika n'kuchibweza msanga. Zinanditengera nthawi kuti ndivomereze kuti njira imeneyi si kusasamala, koma ndi kusamala kwa mtundu wina kumene kumadalira mayeso ochitika okha pa makina ndi kuyang'anira kosalekeza.

Apa ndi pamene ndikuthokoza mwapadera mlongo wina wa ku Zambia, injiniya wamkulu amene tinakumana kutchalitchi. Kwa miyezi isanu ndi umodzi, Loweruka lililonse m'mawa, ankandifunsa mafunso pa Zoom ngati kuti ndili pa intavyu yeniyeni, ndipo ndiye anandiuza mosapita m'mbali kuti ndileke kubisa zaka zanga za kubanki ngati chilema. Ananena zoona. Pa intavyu imene ndinapambana, nkhani imene inawagwira mtima ofunsawo inali ya usiku wina kubanki pamene malipoti athu anakanidwa, ndipo ndinayenera kusankha pakati pa kukakamiza gulu lotopa kuti lichezere ndi kukavomera poyera kuti tachedwa. Munthu amene anaonapo mtengo wa nambala imodzi yolakwika amadziwa kufunsa mafunso amene injiniya wachinyamata sanawaganizire, ndipo ndikukhulupirira kuti chimenechi n'chimene anandilembera, chifukwa pa kulemba mapulogalamu aliyense wa m'gulu langa amandiposa.

Kwa amayi anga ku Zomba, ndikupepesa ndiponso ndikuthokoza. Munali mutauza mudzi wonse kuti mwana wanu ndi Vice President, osadziwa kuti kubanki dzina limeneli amakhala nalo anthu mazanamazana, ndipo nditakuuzani kuti ndikulisiya kuti ndikayambe pa mlingo wotsikirapo, munakhala chete pa foni kwa kanthawi musananene kuti, “Ngati mwapemphera, pitani.” Kufikira lero sindinathe kukufotokozerani bwino chifukwa chake gawo la malipiro anga ndi masheya amene amaperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi m'malo mwa bonasi ya pachaka imene inakhoma malata panyumba, koma ndikulonjeza kuti fetereza wa chaka chino sachedwa.

Akazi anga ndiwo anasenza katundu wolemera koposa. Anagoneka ana okha madzulo osawerengeka ine ndili pa kompyuta, anandipirira masiku amene kalata yokana inafika, ndipo pamene ndinanena kuti mwina ndingobwerera ku ntchito imene ndikuidziwa, anangondifunsa tsiku la intavyu yotsatira n'kulilemba pa kalendala ya kukhitchini. Mayi a ana anga, zikomo kwambiri. Ndakuuzani kale kuti mwezi wamawa ndikulowa nawo pa ndandanda ya oyankha makina akavuta usiku, ndiye foni ikalira 3 koloko m'bandakucha, ndidzayesetsa kukaiyankhira pabalaza.