Loweruka ku poloti: nyumba imodzi kapena ma townhouse?

Lero ndaswera ku poloti yathu ku Area 49 mu Lilongwe, dzuwa likuswa mtengo. Achimwene ali ku Johannesburg akufuna timange ma townhouse (nyumba zolumikizana khoma) anayi osanjikiza, ochititsa lendi, onga aja akuchuluka ku Area 47 ndi Area 43. Ine mtima wanga uli pa nyumba imodzi ya zipinda zitatu. Ndiye ndinaitana amisiri achikulire omwe anamanga nyumba ya amayi kuti adzatiunikire.

Atayeza ndi tepi, anakhala pa mulu wa kwale n'kuyamba kujambula pansi ndi kamtengo. Poyamba anaikira kumbuyo achimwene. Nyumba zolumikizana zimagawana khoma, mpanda ndi umodzi, geti imodzi, ndipo pamalo pa banja limodzi pamalowa mabanja anayi. Mukawerengera pa khomo lililonse, mtengo umatsikadi.

Atafika pa silabu, konkire yolekanitsa nyumba yapansi ndi yapamwamba, ndi pomwe anaika kamtengo kaja pansi. "Mayi, silabu sathira mwezi uno theka, mwezi wamawa theka. Tsikulo simenti, mchenga, kwale, makina osakanizira ndi anyamata, zonse zikhale pompano." Anandifotokozera kuti maziko a nyumba yosanjikiza amafuna zipilala ndi zitsulo za Y12 ndi Y16 zochuluka, ndipo pulani iyenera kudutsa m'manja mwa injiniya isanapite ku khonsolo. Silabu ikathiridwa imakhala yochirikizidwa ndi milimo masabata atatu kapena anayi, mukuithirira madzi tsiku ndi tsiku. Onjezanipo masitepe, mita ya ESCOM ndi ya madzi pa khomo lililonse, septic tank yokwanira mabanja anayi, ndi poimika magalimoto. Njerwa zootchanso boma linaziletsa mu 2018 pa zomanga zaboma ndi zamalonda, ndiye ndi mabuloko basi, ndipo mabuloko amadya simenti.

Apa ndi pomwe pandigwira mtima. Ife timamanga ndi ndalama yobwera mwa apo ndi apo. Nyumba yapansi imalola zimenezo: chaka chino maziko, chaka chamawa khoma kufika pa lintala, kenako malata. Ukafolera, n'kuika zitseko ndi mawindo, umalowa ngakhale pulasitala usanapake, ndipo ya lendi ija imasanduka ya simenti. Ma townhouse safuna zotero. Wochita lendi sangalowe pansi pamwamba pakugwa matope, ndipo palibe tambala yomwe ingabwere mpaka zonse zitatha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tonse tinaona mmene mitengo ya zitsulo ndi simenti inathamangira. Zigoba zina zomwe timadutsa m'tauni muno, zitsulo zitachita dzimbiri m'mwamba, eni ake sanali aulesi ayi; ndalama inathera panjira.

Madzulo ndinaimbira achimwene pa WhatsApp. Anamvetsera nthawi yaitali, kenako anati poloti ya m'tauni sungaipezenso, kuimangapo nyumba imodzi n'kuwononga malo. Pamenepo sindikuwatsutsa ngakhale pang'ono. Ndinawauza zomwe amisiri anapangira: nyumba ziwiri zapansi zolumikizana khoma, maziko onse limodzi, koma timalize kaye imodzi, lendi yake izithandiza kumalizira inayo. Mbali yakutsogolo tiisiye yopanda kanthu.

Sanavomere, koma sanakanenso. Ati ndifunse wojambula mapulani Lolemba ngati ziwirizo zingakwane osatseka njira ya galimoto, ndiwatumizire chithunzi cha pulaniyo.