Mauthenga a alimi ataima pa nambala 429

Lolemba, ku Dedza boma.

Ntchito ya lero inali yotumiza mauthenga kwa alimi a mbatata ya kachewere a m'gulu lomwe ndimathandiza, omwe ambiri mwa iwo ali cha ku Bembeke ndipo ena ali kufupi ndi msewu wa M1. Wogula wa ku Lilongwe wati galimoto yake ifika Lachinayi m'mawa, choncho mlimi aliyense amafunika kudziwa lero mtengo wa thumba ndi malo omwe galimotoyo ikaime, kuti apeze mpata wokumba, kusankha ndi kusoka matumba. Dongosolo lathu ndi laling'ono: alembi a m'makalabu amalemba pa foni matumba omwe mlimi walonjeza, zolembazo zimalowa mu tebulo la Google Sheets, kenaka pulogalamu imawerenga tebulolo n'kupempha kampani ina yotumiza ma SMS, kudzera pa API yake (khomo lomwe mapulogalamu amalankhulirana), kuti ifikitse uthenga kwa mlimi aliyense. Nditayatsa kompyuta m'mawa, zala zitauma ndi chisanu cha kuno, ndinapeza mauthenga ataima pakati, ndipo m'kaundula wa pulogalamu munali mzere umodzi wokhawokha kuyambira pamwamba mpaka pansi: 429 Too Many Requests.

Nambala imeneyi ndi yankho la seva, kompyuta yomwe imalandira ndi kuyankha mapempho pa intaneti, kwa munthu amene wapempha zinthu zambiri m'kanthawi kochepa. Inakhazikitsidwa mu 2012 m'chikalata chotchedwa RFC 6585, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi kamzere ka Retry-After, komwe kamanena masekondi omwe wopemphayo adikire asanayesenso. Chomwe chinatifikitsa pamenepo sichinavute kupeza. Dzulo madzulo netiweki inasowa kumidzi ingapo, mafoni a alembi n'kusunga zolemba zonse. Itabwerera m'bandakucha, mafoni onsewo anakhuthula zolembazo pa nthawi imodzi, ndipo poti cholemba chilichonse chimabala uthenga wotsimikizira mlimi kuti matumba ake alembedwa, mauthenga amenewa anakumana pakhomo limodzi ndi uthenga wa mtengo wopita kwa anthu onse.

Malire otere ali paliponse pomwe timagwira ntchito. GitHub, komwe anthu amasunga mapulogalamu omwe alemba, imalola mapempho 60 pa ola kwa munthu amene sanadzidziwitse, ndi 5,000 kwa amene walowa ndi kiyi yake. Google Sheets imalola kuwerenga maulendo 300 pa mphindi kwa pulojekiti yonse, koma 60 okha kwa wogwiritsa ntchito mmodzi. Nominatim, yomwe imathandiza kupeza malo pa mapu a OpenStreetMap, imapempha kuti munthu asapyole pempho limodzi pa sekondi, komanso kuti asunge mayankho omwe walandira kale m'malo mofunsa chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ine sindiona nkhanza m'malamulo amenewa, chifukwa seva imodzi imatumikira anthu ochuluka, ndipo mmodzi akadzitengera mpata wonse ena onse amavutika.

Mnyamata amene akuphunzira ntchito pa ofesi yathu anafika ndikuwerenga kaundulayo, ndipo atayang'ana anati, "Achimwene, bwanji tingotsegula maakaunti ena atatu? Ndili ndi nambala ya mayi ndi ya mlongo wanga. Tigawe alimi m'magulu anayi, pofika 9 koloko tikhala titamaliza." Nzeru yake inali yoganizira alimi, ndipo n'zoona kuti lero lokha ikanagwira ntchito. Ndinamukana komabe. Mgwirizano womwe tinavomera potsegula akaunti umaletsa munthu mmodzi kudzisandutsa anthu ambiri pofuna kuzemba malire, ndipo makampani oterewa savutika kuzindikira maakaunti anayi omwe akutumiza mawu ofanana kuchokera pa kompyuta imodzi. Akatitsekera amatseka onse, pamodzi ndi ndalama za gulu zomwe zinalipiridwa kale, ndipo zimenezi zingachitike m'sabata yomwe mbatata ili m'matumba. Ndinamukumbutsanso kuti SIM khadi m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, kotero mayi akewo ndi amene angafunsidwe za mauthenga omwe sakuwadziwa n'komwe. Kuwonjezera apo, nambala za alimi ndi zinthu za eni ake, ndipo kuchokera mu 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza zinthu zotere; kuzimwaza m'maakaunti a achibale si chinthu chomwe ndingaimirire n'kuchifotokoza pamaso pa komiti.

M'malo mwake tinakhala pansi n'kuyamba kuchepetsa zomwe timapempha. Choyamba tinaika mauthenga onse pa mzere umodzi, kuti azituluka pa liwiro lomwe lili pansi pang'ono pa malire a kampaniyo, ndipo tinawasanja mwa kufunika kwake: uthenga wa mtengo ndi tsiku la galimoto patsogolo, otsimikizira matumba pambuyo, poti mlimi angadikire chitsimikizo mpaka madzulo osataya kanthu. Kenaka tinakonza zomwe pulogalamu imachita ikalandira 429. Ngati yankho lili ndi Retry-After imadikira nthawi yomwe yauzidwayo. Ngati mulibe, imadikira sekondi 1, ikakanidwanso 2, kenaka 4, 8, 16, mpaka itafika pa malire omwe taika, ndipo pa kudikira kulikonse imawonjezera kanthawi kena kongosankha mwamwayi. Mnyamata uja anafunsa phindu la kanthawi kowonjezerako. Ndinamuuza za pachigayo: magetsi akathima anthu onse n'kuuzidwa kuti abwere 2 koloko, onse amafikadi 2 koloko, ndipo chipwirikiti chimayambira pomwe chinalekera. Mapempho okanidwa limodzi akabwereranso limodzi amakanidwanso limodzi.

Tinapatsanso uthenga uliwonse chizindikiro chake, chomwe chimalembedwa uthengawo ukangolandiridwa, kuti pulogalamu ikayambiranso isatumize kawiri kwa munthu mmodzi. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife chifukwa pulogalamu yathu imayenda pa Google Apps Script, nsanja ya Google yoyendetsera mapulogalamu ang'onoang'ono, yomwe imadula ntchito iliyonse ikakwana mphindi 6. Tsopano ikayandikira mphindi ya chisanu imalemba pomwe yafika, n'kudziikira nthawi yodzapitiriza. Powerenga tebulo, tinaisintha kuti izitenga mizere yonse pa pempho limodzi n'kuisunga, kusiyana ndi kufunsa mzere uliwonse pawokha.

Chomwe chinatipulumutsa kwambiri chinapezeka mu uthenga weniweniwo. Mayi msungichuma ndi amene amalemba mauthenga a gulu, ndipo amalemba Chichewa chaukhondo monga anaphunzirira, chilembo cha ŵ chili m'malo mwake. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo lotchedwa GSM-7, koma ŵ mulibe m'gulu limenelo, ndipo chilembo chimodzi chokha chachilendo chikalowa, uthenga wonse umasamukira ku ndondomeko ina yomwe imanyamula zilembo 70 basi. Uthenga wautali ukadulidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chimatenga zilembo 153 m'ndondomeko yoyamba ija, koma 67 zokha m'yachiwiriyi. Uthenga wa mayiwo unali wa zilembo pafupifupi 150, woyenera kupita ngati SMS imodzi, koma chifukwa cha ŵ mmodzi komanso timikodolero topindika tomwe foni yawo imaika yokha, unali kupita m'zigawo zitatu, ndipo kampaniyo imawerenga ndi kulipiritsa chigawo chilichonse pachokha. Ndinawaimbira foni n'kuwafotokozera. Iwo anati, "Ndiye mukuti ana aziona Chichewa cholakwika kuchokera ku gulu lathu?" Ndinayankha kuti, "Mayi, m'makalata ndi m'maminitsi chilembocho chikhalabe, koma pa SMS chikutidyera ndalama katatu." Anavomera monyinyirika, ndipo kunyinyirika kwawoko ndikukumvetsa, chifukwa n'zowawa kuti zilembo zomwe mafoni a dziko lonse amagwiritsa ntchito zinasankhidwa popanda woganizira chinenero chathu. Tinaika kagawo kosintha zilembo zoterozo uthenga usanatuluke, ndipo katundu yense wa pa mzere anatsika n'kutsala gawo limodzi mwa magawo atatu.

Masana kunabwera bambo tcheyamani pa njinga yamoto, atamva kwa alembi kuti alimi ena sanalandirebe mtengo. Atakhala pansi anafunsa kuti, "Kodi mwana wanga, bwanji osangotumiza pa WhatsApp? Si paja ndi zaulere?" Ndinawauza kuti alimi ambiri a m'gululi ali ndi mafoni a mabatani, ndipo amene ali ndi mafoni akuluakulu sakhala ndi bandulo tsiku lililonse. Komanso WhatsApp yotumizira anthu ambiri kudzera pa pulogalamu ili ndi malamulo akeake. Munthu akakulembera, uli ndi maola 24 omuyankha momasuka; akatha maolawo ungamutumizire uthenga wokhawo womwe unakonzedweratu n'kuvomerezedwa ndi Meta, kampani yomwe ndi mwini wa WhatsApp, ndipo akaunti yatsopano imayamba ndi malire a anthu 250 pa maola 24. Mauthenga ambiri oterowo ndi olipira, ndipo malipiro ake ndi a ndalama zakunja, zomwe n'zovuta kuzipeza ndiponso zinakwera mtengo kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Alipo mapulogalamu a m'mbali omwe amalonjeza kutumiza kwa anthu masauzande kuchokera pa nambala wamba, koma mapeto ake kawirikawiri amakhala kutsekedwa kwa nambalayo, ndipo nambala ya gulu lathu ndi yomwe ogula onse amaidziwa.

Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso lomwe ndakhala ndikuliganizira madzulo onse: ngati kampani ingasinthe malamulo mawa, gulu litsala ndi chiyani? Funsoli lili ndi maziko. Mu Febuluwale 2023 Twitter inalengeza kuti ikuthetsa API yake yaulere, ndipo chaka chomwecho Reddit, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amakambiranapo nkhani, inayamba kulipiritsa yake, mpaka Apollo, pulogalamu yotchuka yowerengera Reddit pa foni, inatsekedwa pa 30 Juni. Anthu omwe anamanga ntchito yawo yonse pa nsanja zimenezo analibe pothawira. Ndinawalonjeza zinthu ziwiri zomwe zili m'manja mwathu. Usiku uliwonse tebulo lonse lizikoperedwa pa kompyuta ya pa ofesi, kuti mayina, nambala ndi matumba a alimi zisakhale kunja kokha. Ndipo gawo la pulogalamu lomwe limalankhula ndi kampani ya ma SMS ndiliika palokha, kuti tsiku losamukira ku kampani ina tidzasinthe fayilo imodzi, zina zonse zili chikhalire.

Atachoka ndinalembera kampaniyo kalata yopempha kuti itikwezere malire, njira yomwe anzanga ambiri amaiiwala ngakhale kuti ndi yoongoka kuposa zonse. Ndinafotokoza kuti ndife gulu la alimi, kuti aliyense wolandira uthenga analembetsa yekha kudzera kwa mlembi wa kalabu yake, kuti mauthenga amachuluka m'nyengo yokolola yokha, ndipo ndinaikamo chitsanzo cha uthenga womwe timatumiza pamodzi ndi zomwe takonza lero. Kampani ikaona kuti wopempha wayamba wachepetsa yekha katundu wake imakhala ndi chifukwa chomumvera.

Uthenga wa mtengo unatha kutuluka cha m'ma 2 koloko masana, ndipo otsimikizira matumba anatha dzuwa lisanalowe, popanda 429 wina. Mlembi wa ku Bembeke waimba madzulo ano kunena kuti alimi awiri alandira uthenga wotsimikizira kawiri, ndipo nditafufuza ndapeza kuti ndi a m'gulu lomwe linatumizidwa m'bandakucha, zizindikiro zija zisanaikidwe. Mawa ndikakumana ndi alembi onse kuti tigwirizane maola otumizira zolemba, kalabu iliyonse nthawi yake, ndipo mnyamata uja ndamupatsa ntchito yolemba kagawo koonetsa mayi msungichuma chiwerengero cha zilembo ndi zigawo za uthenga asanautumize.