Phokoso la aneba apamwamba: mmene ndinayendera nkhaniyi kuno ku England

Fulati imene ndimachita lendi ili m'nyumba yakale imene anaigawa pawiri, ine pansi, banja lina pamwamba. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndiye tulo tanga ndi tamasana. Banja latsopano litalowa pamwambapo, tulo tinasowa. Munthu akamayenda, gugugu pamutu panga. Mwana akagwetsa chidole, kumveka ngati chagwera m'chipinda mwanga momwe. Loweruka usiku kunkabweranso alendo, nyimbo mpaka mbandakucha.

Ndinayamba ndi kukagogoda pakhomo pawo, masana, mtima uli m'malo. Mayi a pamwambapo anandilandira bwino, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti akuona ngati ndikukokomeza. Ndinawapempha kuti atsike adzamve okha, bambo a kunyumba kwawo atsale akuyendayenda m'chipinda chochezera. Anaima pakati pa chipinda changa, maso kudenga, dzanja pakamwa. Bambowo anali atavala masokosi okha, koma phazi lililonse linkamveka. Njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa kalata, chifukwa wokhala pamwamba sadziwa n'komwe zimene wapansi amamva.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasunga kabuku. Ndinkalemba tsiku, nthawi imene phokoso layamba ndi imene latha, mtundu wake, komanso chimene landilepheretsa kuchita, monga kugona ndisanapite ku ntchito. Zina ndinkajambula pafoni. Ndi ntchito yotopetsa, koma aliyense amene ndinamufikira pambuyo pake ankayamba wafunsa kabukuko.

Nyimbo zinaleka kwa kanthawi, kenako zinayambiranso, choncho ndinadandaula ku khonsolo, ku nthambi yoona za umoyo wa malo okhala. Lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limakakamiza khonsolo kufufuza dandaulo la phokoso, ndipo ikapeza kuti lapyola muyeso imapereka chikalata cholamula kuti lithe. Wochinyozera amatha kutengeredwa kukhoti. Palinso Noise Act ya 1996 imene imaona phokoso la pakati pa 11 koloko usiku ndi 7 koloko m'mawa. Kwa ife sizinafike kumeneko. Khonsolo inangolembera anebawo kalata yowachenjeza, nyimbo zausiku zinathera pompo. Kalata yotere sitchula wodandaula, koma m'nyumba ya mabanja awiri n'chinsinsi chanji? Ndinawauziratu ndekha kuti ikubwera, kuti asaone ngati ndawadyera miseche.

Pa nkhani ya mapazi ndi pamene panavuta. Mkulu wa kukhonsolo anandiuza mosabisa kuti kuyenda, kusewera kwa mwana ndi kukoka mpando ndi moyo wamasiku onse, ndipo lamulo sililanga munthu chifukwa chokhala m'nyumba mwake. Ndi momwenso khoti lalikulu la House of Lords linagamulira mu 1999 pa mlandu wa Southwark v Mills: phokoso la anthu ongokhala mwachizolowezi si mlandu, ndipo landilodi sakakamizidwa kuwonjezera zotchinga phokoso m'nyumba yakale. Zinandiwawa kumva, koma ndinaona kuti n'zoona. Mwana wazaka ziwiri sungamuuze kuti aziyenda monyang'ama.

Vuto lenileni linali pansi pa mapazi awo. Banjali lisanalowe, landilodi wawo anachotsa kapeti n'kuyala matabwa osalala aja, opanda chilichonse chofewa kunsi kwake. Mafulati ambiri kuno eni ake amawagula pa mgwirizano wa zaka zambirimbiri ndi mwini nyumba yonse, ndipo m'mapangano ambiri otere muli ndime yonena kuti pansi pakhale kapeti, kupatula kukhitchini ndi kubafa. Ine wa lendi pepala limenelo ndinalibe, ndiye ndinapempha landilodi wanga kuti ayang'ane lake. Ndimeyo inalimo. Iye ndiye analembera kampani yoyang'anira nyumbayo, ataphatikiza masamba a m'kabuku kanga, ndipo kampaniyo inalembera landilodi wa pamwamba. Zonse ndinaumirira kuti ziyende pa imelo. Zapafoni zimaiwalika msanga.

Panadutsa miyezi, ine ndikukumbutsa, mpaka anabwera anthu kudzayala kapeti yokhala ndi chofewa chochindikala kunsi. Anebawo sanalipire kanthu, ndipo zimenezo zinandisangalatsa, poti cholakwa sichinali chawo.

Phokoso silinathe lonse. Mwana akathamanga ndimamvabe, kungoti tsopano limamveka chapatali, ndipo ndikatseka makutu ndi tizotsekera ta ku famase ndimagona. Chotsalacho tinakonza tokha: Lamlungu lililonse ndimatumizira mayi aja masiku anga ogwira usiku pa WhatsApp, ndipo masiku amenewo amachapa ndi makina komanso kusesa ndi huva (makina okoka fumbi) madzulo, ine nditadzuka.