Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: usiku wa mphindi 6 ku Senga Bay

Gawo lapitalo tinasiyira pomwe bwato la m'gemu yanga linayamba kuyandama. Miyezi itatu yotsatira inathera pa funso limodzi: ndi ziti zoti zikhale monga zilili panyanja, nanga ndi ziti zoti ndiname?

Gemuyi ndi ya usodzi wa usipa usiku monga amachitira kuno ku Salima: siginala, yemwe amatsogolera usodziwo, ali m'bwato la nyali, maboti awiri akuzunguliza ukonde wa chilimira, anyamata akukoka. Ndinaipanga mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, kuti iziyenda pa itel kapena Tecno ya RAM ya 2GB, mafoni amene asodziwo ali nawo m'thumba.

Poyamba ndinafuna zonse zikhale zenizeni. Ulendo umodzi unkatenga mphindi 40, ndipo 25 mwa izo munthu ankangoyang'ana nyali ikuwala pamadzi akuda, kudikira kuti nsomba zisonkhane. Panyanja kudikirako kumapiririka chifukwa pali kuzizira, nthabwala ndi mantha a mphepo. Pafoni pali chala chokha chosowa chochita. Ndiye bodza loyamba linali la nthawi, ndipo si ine ndekha wonama: tsiku lonse la m'gemu ya Minecraft ndi mphindi 20, la m'gemu ya GTA V ndi mphindi 48. Ine ndinaika kuti sekondi imodzi ikhale mphindi ziwiri, motero usiku wa maola 12 umatha m'mphindi 6. Kudikira nsomba ndinakusiyira masekondi 30, ndipo m'masekondi amenewo wosewera ali ndi ntchito yosuntha bwato la nyali pang'onopang'ono kulowera kuukonde. Akafulumira, gulu la usipa limabalalika.

Palibe msodzi anadandaula za usiku waufupiwo. Amalume anga, amene anakhala siginala zaka zambiri, anasewera kawiri ali chete. Kachitatu anaika foni pamphasa.

“Mphwanga, usipa wodzaza bwato mwezi uli mbee chonchi unauona kuti?”

“Amalume, ndi gemu chabe.”

“Ndiye usatchulepo Senga Bay.”

Mweziwo ndinaujambula kuti kumwamba kukongole basi. Koma nyali imakopa usipa chifukwa kwina konse kuli mdima. Mwezi ukakhala wathunthu nsomba sizisonkhana, ndipo asodzi ambiri amapuma n'kumasoka maukonde. Apa ndi pamene msodzi amasankhira kupita kapena kukhala, choncho kunamapo n'kuchotsa mutu wa gemu. Ndinakonza chonchi: mwezi weniweni umazungulira m'masiku pafupifupi 29 ndi theka, zomwe m'gemu zikanakhala maola atatu, ndiye ndinaufupikitsa kukhala mausiku 8. Awiri ndi owala, ndipo nsomba zimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu. Utali wake ndi wabodza, koma zochita zake ndi zoona.

Bodza lachiwiri ndi la mwayi, ndipo ili ndimalinyadira. Ndinaika kuti pa kukoka 100 kulikonse, 40 ukonde uzibwera wopanda kanthu. Werengani nokha: 0.4 kuchulukitsa katatu ndi 0.064, kutanthauza kuti pafupifupi kamodzi pa 16 munthu azikoka katatu motsatizana osapeza n'kamodzi komwe. Panyanja zimenezo zimachitika, munthu n'kunena kuti lero sikunayende. Pafoni amanena kuti gemu ikumubera, n'kuichotsa. Tsopano ukonde ukabwera wopanda kanthu, 40 uja amatsika mobisa kufika pa 25, kenako pa 10, kenako pa 0. Kulephera katatu motsatizana kwatsala kamodzi pa 100, kanayi n'kosatheka. Akangogwira, nambala imabwerera pa 40. Wosewera saona chilichonse, amangomva kuti nyanja ili ndi chisoni.

Za mafunde ndinene mwachidule. Kuwerengera madzi enieni foni ya 2GB singakwanitse. Ndinaphatikiza mafunde awiri a sine (mafunde a masamu okwera ndi kutsika mofanana nthawi zonse), lina lobwereza pa masekondi 4, lina pa 1.7, kuti diso lisazindikire msanga kubwerezako. Bwato limayeza kutalika kwa madzi kutsogolo ndi kumbuyo kokha, ndipo silipendekeka kupitirira madigiri 20. Cholakwika chimene chinandisowetsa tulo sabata yathunthu: masamu a kuyandama ndinawaika mu _process, mbali ya Godot yomwe imathamanga malinga ndi liwiro la foni. Pa laputopu, pa zithunzi 60 pa sekondi, zonse zinali bwino. Pa itel zikatsika kufika pa 20, sitepe iliyonse inkakula katatu, bwato n'kumadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Malo ake ndi mu _physics_process, yomwe imagunda ka 60 pa sekondi mosasintha.

Kukhota kwa boti ndi nkhani ina. Boti lodzaza nsomba limachedwa kumva chiwongolero, koma nditatsanzira zimenezo aliyense ankati sikirini yafa. Panopa njira ya boti imasintha pasanathe masekondi 0.2 chala chikakhudza, koma chithunzi cha thupi lake chimatsatira mochedwa, chikupendekeka ndi kukankha thovu. Diso limaona kulemera, chala chimamveredwa.

Mwera unandivuta kuposa zonsezi. Mphepo imeneyi imawomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, ndipo imamiza mabwato ndithu. Kuisiya kunja sikukanatheka. Koma ndinakumbukira gemu ya Far Cry 2 ya 2008, momwe wosewera amadwala malungo ndipo mfuti zakale zimakanirira pakati pa nkhondo. Ife malungo timawadziwa, ndipo n'zoona kuti sagogoda pakhomo, koma osewera ambiri zinkawakwiyitsa chifukwa chilango chinkabwera popanda chimene alakwa. Ndiye mwera wanga umachenjeza. Masekondi 20 usanafike, mafunde amakula, phokoso la madzi limasintha, ndipo nyali za maboti ena zimayamba kulowera kumtunda. Amene wamira ndi amene anaona zonsezi n'kunena kuti ndikokeko kamodzi kotsiriza. Ndipo samwalira: amataya nsomba za usiku umenewo ndi theka la ukonde. Imfa yapamadzi kuno si yoseweretsa, pafupifupi mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja uli ndi amene unataya.

Chilumba cha Mbenji ndinachisiya ndi lamulo lake. Kumeneko, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane. M'gemu chaka ndi mausiku 32, ndipo 10 mwa iwo chilumbacho n'chotseka. Wolowako mozemba amalandidwa ukonde. Anzanga ena ankati ndichotse, kutsekera munthu malo abwino kwambiri n'kumuthamangitsa. Zinachitika ndi zina: usiku wotsegulira ndi umene oyesa gemu ankauyembekezera, ena mpaka kusunga mafuta a injini mausiku atatu kuti akafike oyamba.

Nsomba zikafika kumtunda zimayenera kuyanikidwa pathandala, ndipo mvula ikagwa zimaola. Zimenezo, pamodzi ndi mkangano wa mtengo wa ndowa pakati pa asodzi ndi amayi ogula, zikhala m'gawo 18.