Momwe ndinasinthira miyeso ya m'kabuku ka agogo anga

Agogo anga aamuna anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1950, ndipo atamwalira anasiya kabuku kachikuto cholimba momwe ankalembamo za munda wawo, za katundu wa m'sitolo ya pa esiteti, komanso za mankhwala amene ankaperekedwa kwa antchito. Abale atafuna kudziwa kukula kwenikweni kwa munda umene unalembedwa m'kabukumo, anapereka ntchitoyo kwa ine ponena kuti ndine amene ndinapita patali ndi masamu. Ndinkayesa kuti ndiimaliza madzulo amodzi, koma inanditengera masabata awiri, makamaka chifukwa chakuti miyeso yakale ya Angerezi imakonda kugwiritsa ntchito dzina limodzi pa zinthu zolemera mosiyana.

Ndinayamba ndi kukopera mzere uliwonse m'kope latsopano osasintha kanthu, popeza mapepala anali atafewa ndipo chiswe chinali chitadya m'mphepete. Pokopera ndinalekanitsa mapaundi a ndalama, olembedwa ndi chizindikiro cha £, ndi mapaundi a pa sikelo, olembedwa kuti lb. Amalume anga onsewa amangowatcha mapaundi, ndipo tsiku loyamba tinakangana pa mzere wina umene iwo ankati ndi ngongole pamene unali kulemera kwa mchere.

Munda unalembedwa motere: 3 A. 2 R. 10 P. Chilembo choyamba sichinandivute, chifukwa ekala tonse timaidziwa, ndipo alimi ambiri amaiyeza poponda masitepe 70 m'litali ndi 70 m'lifupi. Njira imeneyi siphonya kwambiri, poti sitepe imodzi ndi pafupifupi yadi imodzi, ndipo ekala ndi masikweya yadi 4,840, pamene 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900. Angerezi akale ankati ekala ndi malo amene ng'ombe zingalime tsiku limodzi, ndipo ankaiyala ngati mzere wautali wa mayadi 220 m'litali ndi 22 m'lifupi. Mayadi 22 amenewa ndiwo utali wa tcheni choyezera malo cha mphete 100 chimene katswiri wa masamu wa ku England, Edmund Gunter, anakonza mu 1620. Zilembo zinazo zinali rood ndi perch. Rood ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a ekala, ndipo mu rood imodzi mumalowa ma perch 40, kutanthauza kuti mu ekala mumalowa 160. Choncho ndinaphatikiza maekala 3, theka la ekala, ndi magawo 10 mwa 160, n'kupeza maekala 3.5625. Nditachulukitsa ndi 0.4047 ndinapeza mahekitala 1.44. Loweruka lotsatira tinakaponda mundawo ndi amalume, iwo akuwerenga mokweza ine ndikulemba, ndipo masitepe awo sanasiyane kwenikweni ndi cholembera cha agogo.

Pa masamba a m'sitolo ndi pamene ndinalakwitsa. Misomali ndi mchere zinalembedwa mu cwt, chidule cha hundredweight, ndipo poona dzinalo ndinaganiza kuti ndi mapaundi 100. Chowerengera china cha pa intaneti chinavomereza maganizo angawo, ine osazindikira kuti chinkatsata muyeso wa ku America. Ndinasintha masamba anayi athunthu ndisanaone kamzere kamene agogo analemba m'munsi mwa tsamba ndi pensulo, kakuti 2 cwt 1 qr = 252 lb. Masamu amenewa amatheka pokhapokha hundredweight ikhale mapaundi 112 ndipo kota yake ikhale 28, monga zinalili ku England, kumene stone imodzi ndi mapaundi 14 ndipo ma stone 8 ndiwo amapanga hundredweight. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso. Paundi imodzi ndi magalamu 453.6, choncho hundredweight ndi makilogalamu 50.8, pafupifupi thumba la feteleza limene timagula masiku ano.

Nditapsa kamodziko, tani sindinaikhulupirirenso mwachisawawa. Tani ya ku England ndi mapaundi 2,240, kapena makilogalamu 1,016, koma palinso tani yaifupi ya mapaundi 2,000, yomwe ndi makilogalamu 907. Agogo ankalemba chimanga m'matumba a mapaundi 200, omwe aja akuluakulu amawakumbukira kuti matumba a makilogalamu 90, ndipo paliponse pamene matumba anakwana khumi ankalemba kuti tani imodzi. Apa ndinadziwa kuti pa chimanga ankatsata tani yaifupi, ngakhale kuti m'kabuku komweko katundu wa m'sitolo ankamuyeza ndi hundredweight ya mapaundi 112. Kuyambira pamenepo ndisanasinthe muyeso uliwonse ndinkayamba ndafufuza masamu amene mwini wakeyo anachita pa tsamba lomwelo. Parafini sanandichedwetse, popeza galoni ya Angerezi, imene lamulo la mu 1824 linaikhazikitsa kuti ikhale malo odzaza ndi madzi olemera mapaundi 10, ndi malita 4.546, ndipo chitini cha magaloni anayi chimakwana malita 18 ndi pang'ono.

Masamba omaliza, a mankhwala, ndiwo anandikhazika pansi nthawi yaitali. Manambala anali achiroma ndipo ankabwera pambuyo pa chizindikiro cha muyeso, monga pa mzere wa kwinini pamene panalembedwa gr. v, ndipo v ameneyu ndi nambala 5. Chidule cha gr. ndi chosocheretsa kwambiri, chifukwa munthu wa masiku ano angachiwerenge kuti magalamu, chikhalirecho chikuimira grain, muyeso umene unachokera pa kulemera kwa njere imodzi ya balere ndipo ndi mamiligalamu 64.8 okha. Kwinini wa pa mzerewo anali mamiligalamu 324, osati magalamu asanu. Kuchokera pa grain, osakaniza mankhwala ankakwera motere: ma grain 20 ndi scruple, ma scruple atatu ndi drachm, ma drachm 8 ndi aunsi. Aunsi imeneyi ili ndi ma grain 480, kapena magalamu 31.1, mofanana ndi imene amayezera golide mpaka lero, pamene aunsi ya m'sitolo ili ndi ma grain 437.5, kapena magalamu 28.35. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale aunsi ya mankhwala ndi yolemerapo, paundi yake ndi yopepuka, chifukwa ili ndi maaunsi 12 okha pamene ya m'sitolo ili ndi 16. Mankhwala amadzi anali ndi makwerero awoawo, oyambira pa minim, kadontho kamene 60 ake amapanga drachm yamadzi ya mamililita pafupifupi 3.55.

Pamwamba pa masamba amenewa m'kope langa ndinalemba ndi inki yofiira kuti manambalawa ndi ongothandiza kumvetsa mbiri, ndipo munthu asayerekeze kumwera mankhwala potsata zimenezi. Chizindikiro cha drachm, ʒ, chimaoneka ngati nambala 3 ya mutu wafulati, ndipo cha aunsi, ℥, chimangosiyana nacho ndi kangowe kena pamwamba, koma aunsi imaposa drachm kasanu ndi katatu. Pa mzere wachiwiri kuchokera kumapeto chiswe chinadya ndendende pamene kangoweko kakanakhala, choncho mzere umenewo ndinaukopera monga unalili, ndipo danga la magalamu ndinalisiya lopanda kanthu.